Mkamwini m'Nyumba ya Nkhosa

Cornelio Mateyu anali munthu wophunzira, ndipo maphunziro ake anali a nyumba. Chinali chaka chake chachitatu ku Dublin akulemba PhD ya kamangidwe ka mizinda, yofufuza momwe munthu aliyense m'tauni angakhalire ndi pogona pabwino. Akaima pamaso pa maprofesa atavala jekete lake labuluu, ankalankhula za nyumba zikwizikwi ngati ali nazo m'thumba. Akamaliza ankakwera basi, kutsika pa Parnell Street, kukwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya mafoni, n'kulowa m'chipinda chimodzi momwe ankagona iye, mkazi wake Perpetua, mwana wawo Linda, masutikesi anayi, ndi njinga ya mwini nyumba imene inasowa koikidwa.

Kufotokoza chipindacho sikufuna PhD. Bedi linkagunda khoma uku ndi uku, kabedi ka mwana kali kumiyendo. Pansi poti munthu n'kupondapo panali pokwana mapazi awiri okha, moti wina akafuna kuvala nsapato mnzake ankayamba wakwera pabedi. Linda anali ndi chaka ndi miyezi inayi koma anali asanayambe kuyenda. Ankangoima pamatiresi atagwira khoma, n'kumayang'ana njinga ija.

Chaka chimenecho, cha 2017, ntchito zinali zitabwerera mumzindamo, koma pogona ndiye panali pa nkhondo. Loweruka lililonse Cornelio ankapita kukaona nyumba ya lendi, n'kupeza khwimbi la anthu lili pamzere, aliyense atakumbatira mapepala ake. Tsiku lina ku Tallaght, miyendo itatopa ndi kuima, anapempha mnzake wa pamzere kuti amujambule ali pakhomo pa nyumba ya njerwa zofiira, dzanja lili pachitseko. Nyumbayo anaipatsa ena. Koma chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri, ndipo Cornelio anadula anthu a m'mbali n'kuchitumiza kumudzi popanda mawu alionse. Mpaka lero amalumbira kuti iye sananame, anangotumiza chithunzi.

Apongozi ake, Mayi Ursula Nankhoma a ku Dowa, anachitsukitsa chithunzicho n'kuchipachika pabalaza pafupi ndi kalendala ya parishi. Patapita miyezi ingapo anatumiza uthenga woti akubwera kudzaona mdzukulu wawo, komanso nyumbayo. Uthengawo unali ndi mchira. Iwo anali atagwira ntchito ya uzamba pachipatala cha mishoni kwa zaka makumi atatu, ndipo za mwana wosayenda zinali zitawafika m'khutu. "Ndikapeza kuti mukukhala movutika," anamuuza Perpetua pa foni, "ndibwerera nawe kuno pamodzi ndi mwanayo. Bambo a Linda adzatipeza akamaliza sukulu yawo." Kwawoko mwana ndi wa kwa amake, ndipo Mayi Ursula sanali munthu wonena chinthu kawiri.

Chimene chinamusunga Cornelio ndi mwambo. Mayi Ursula anali Mkatolika wa kolona m'khosi, koma pa nkhani ya mkamwini ankatsata zamakolo mpaka kumapeto. Mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, sakhala nawo mpando umodzi, sagona nawo chipinda chimodzi, ndipo mawu ake amadzera mwa munthu wachitatu. Cornelio, mwana wa ku Phalombe, ankazidziwa bwino zimenezi. Tsiku lowalandira ku bwalo la ndege anagwada pa matailosi chapatali, nkhope atalozetsa ku makina a khofi, n'kumawomba m'manja, mpaka mlonda wina anabwera kudzafunsa ngati wataya ndolo.

Ndiye anakonza zoti apongozi azigona ku Ballymun, kwa masisitere a parishi ya Bambo Isaac, wansembe wa kumudzi. Nyumba ya njerwa zofiira ija, anatero kudzera mwa Perpetua, akuipaka penti. Ndipo tsiku lililonse ankawayendetsa apongozi kuti asapeze mpata wofunsa. Anawaonetsa matchalitchi onse a mumzinda, a Chikatolika ndi ena omwe. Anawapititsa ku Moore Street kuti akadabwe mtengo wa therere. Anawapititsa kosungira nyama, komwe mayiwo anaima nthawi yaitali akuimvera chisoni njovu chifukwa cha kuzizira. Masabata awiri anatha choncho. Ndege yobwerera inali ya Lachiwiri, ndipo Lamulungu pambuyo pa Misa, Mayi Ursula anamuuza Perpetua, mwamuna wake ali poteropo akuwerenga chikwangwani cha zolengeza, kuti mawa akaone nyumba, kaya penti yauma kaya siinaume.

Cornelio anali ndi chida chimodzi chotsala: matikiti a ku Woolly Hollow, paki ya zosangalatsa imene inali kunja kwa mzinda kupitirira bwalo la ndege, komwe kunali gudumu lalikulu lokweza anthu m'mwamba, sitima zotsetsereka, ndi nkhosa yotchuka yotchedwa Fergal. Anayankha kuti matikitiwo ndi a Lolemba lokha, sasinthika. Madzulo omwewo wailesi zonse zinayamba kulengeza za namondwe wochokera kunyanja yaikulu, amene azungu mwa chizolowezi chawo anali atamupatsa kale dzina la munthu.

"Bambo a Linda, mwamva news?" anafunsa Perpetua Lolemba m'mawa, ali chogwada pabedi kuti mwamuna wake avale nsapato. "Red warning dziko lonse. Ma school atseka, mabasi asiya 10 o'clock. Akuti ndi hurricane."

"Hurricane wa ku Ireland," anatero Cornelio. "Anthu awa dzuwa likangofika 22 degrees amati heatwave, amavula malaya pamsewu. Ine Napolo ndinamuona ndi maso angawa akugubuduza miyala yaikulu ngati nkhokwe. Aka ndi kamphepo chabe."

"Ndiye park ikhala yotsegula chifukwa inuyo munakulira ku Phalombe?"

"Tikapeza yotseka tizingozungulira mpaka tsiku lithe. One more day, mayi a Linda. Mawa ndi flight."

Perpetua anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ine ndatopa," anatero. "Two weeks ndakhala ndikunyamula mawu anu kupita kwa amayi. Bodzalo ndi lanu, koma limatulukira pakamwa panga."

Cornelio anamva chisoni, koma mantha ake anali aakulu kuposa chisonicho. Anabwereka kagalimoto ka Bambo Isaac, amene anapereka makiyi akupukusa mutu, n'kunyamula apongozi ku Ballymun. Mayi Ursula anakhala kumbuyo kwenikweni kwa woyendetsa, mdzukulu ali pambali pawo, ndipo Cornelio anapotoza kagalasi koonera kumbuyo n'kukalozetsa kudenga kuti maso awo angakumane mwangozi. Anayenda choncho, osaona chilichonse cha kumbuyo kwake.

Msewu unali wawo okha. Mabini a zinyalala ankatsetsereka pamzere ngati ana opita ku sukulu. Atadutsa bwalo la ndege, chinthu chachikulu chozungulira, chija ana amadumphapo kuseri kwa nyumba, chinawoloka msewu kutsogolo kwawo chikugubuduzika, n'kulumpha mpanda, n'kupitirira ulendo wake.

"Perpetua," anatero Mayi Ursula, "uwafunse bambo a Linda ngati chadutsachi ndi cha ku paki komweko, chabwera kudzatichingamira."

Perpetua sanafunse, ndipo Cornelio anangogwiritsitsa chiwongolero, chifukwa kagalimotoko kanali katayamba kuvina.

Pa chipata cha Woolly Hollow panali unyolo ndi loko wamkulu. Chikwangwani chonena kuti atseka chifukwa cha nyengo chinali chikuzungulira pa msomali umodzi. Cornelio anazimitsa injini kuti aganize bodza lina, ndipo ali mkati moganiza anamva chiphokoso kumbuyo, galimoto n'kugwedezeka. Sanaone kanthu, pakuti kagalasi kanali kuonetsa denga. Anali Mayi Ursula amene anacheuka n'kunena modekha kwa Perpetua kuti uwauze bambo a Linda kuti mtengo wagwa, watseka njira imene tadzera.

Apa m'pamene Cornelio anavomereza mumtima kuti kamphepo kaja ndi mphepo. Mvula inkagwa chammbali. Linda anayamba kulira. Ndipo kuseri kwa chipatacho kunatulukira nkhosa, yaitali kuposa munthu, ikuyenda ndi miyendo iwiri, itawerama polimbana ndi mphepo, ikuwakodola ndi chiboda. Mayi Ursula anachita chizindikiro cha mtanda mosafulumira, ngati munthu amene ankayembekeza kuti dziko lino lidzafika pamenepa.

Nkhosayo inatsegula kachipata ka m'mbali n'kukuwa m'Chingerezi kuti atuluke msanga ndi mwanayo, mitengo inanso igwa. Anathamanga pambuyo pake, Perpetua atafungatira Linda, Cornelio akuyesetsa kutchinga apongozi ku mphepo popanda kuwayandikira kapena kuwayang'ana, ntchito yomwe ndi yovuta kuposa momwe imamvekera. Gudumu lalikulu lija linkadzizungulira lokha lopanda munthu, likulira zitsulo. Mahatchi amatabwa ankagwedeza mitu. Ayisikilimu wapulasitiki wamkulu ngati bwato anawadutsa akulowera kumene iwo ankachokera.

Nkhosayo inawalowetsa m'nyumba ina ya chitseko chapinki, n'kutseka, n'kutsamira chitsekocho ikupuma wefuwefu. Pakhoma panalembedwa kuti muno ndi mwa Fergal ndi banja lake.

Cornelio anapukuta madzi kumaso n'kuyang'ana, ndipo mtima unamuwawa. Inali nyumba yosanja. Pansi panali balaza lalikulu la kapeti wobiriwira, khitchini yokhala ndi buledi wamatabwa wokhomeredwa patebulo, ndi mabuku ojambulidwa pakhoma. Masitepe ankakwera kupita ku zipinda zitatu: cha Fergal, cha mkazi wake, ndi cha kamwana kawo. Diso lake la ukatswiri linayeza lokha popanda kulituma, ndipo linapeza kuti chipinda chake cha pa Parnell Street chingalowe m'balazamo kanayi, njinga n'kupezanso malo akeake. Zaka zitatu za PhD, ndipo amene anali ndi zipinda zitatu mu Dublin anali nkhosa yansalu.

Mkati mwa nkhosayo munali bambo wina wachikulire dzina lake Lawrence. Anawafotokozera, mawu akumveka ngati ochokera m'mtsuko, kuti wakhala akuvala Fergal kwa zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chatha mwini nyumba imene ankachita lendi anaigulitsa, iye n'kusowa kolowera, ndipo kuyambira pamenepo paki ikatsekedwa amakwera m'mwambamo n'kugona pabedi la Fergal. Mabwana sadziwa, kapena amachita ngati sadziwa. Lero wavala chikopacho chifukwa m'nyumbamo mulibe chotenthetsera. Perpetua anamuuza kuti akhoza kuvula mutuwo kuti apume bwino, koma Lawrence anakana. Anati lamulo loyamba la pantchito pake ndi loti mlendo asaone Fergal wopanda mutu, ndipo pa malamulo onse amene akuphwanya, limeneli lokha akufuna kulisunga.

Perpetua atamasulira zimenezi, Mayi Ursula anaiyang'ana nkhosayo ndi ulemu watsopano. "Awa ndi odziwa mwambo," anatero. Anakhala pampando wooneka ngati bowa, n'kukonza chitenje chawo, n'kuyendetsa maso m'balaza monse. "Nyumba yabwino. Perpetua, uwafunse bambo a Linda ngati yawo ija ikuposa ino."

Perpetua anaimirira. Anapereka Linda m'manja mwa agogo ake. "Amayi, mundikhululukire," anatero, "lamya yafa." Anakwera masitepe, ndipo anamumva akutsegula chitseko, bedi n'kulira kamodzi. Lawrence atakasuzumira anabwera n'kunena kuti mayiyo wagona pabedi la mkazi wa Fergal, manja ndi miyendo atatambasula mbali zonse zinayi, ndipo sakuoneka ngati adzuka msanga.

M'balaza munatsala mkamwini, apongozi, mwana ndi nkhosa. Cornelio anapita pangodya n'kukhala pansi atayang'ana khoma, pomwe panali zenera lojambula loonetsa dzuwa likuwala pa phiri. Kunja chinachake chachitsulo chinkamenya chinzake. Tsopano panalibenso njira yoti mawu adzere.

Kenako Mayi Ursula anakonza kukhosi. "A Nkhosa," anatero m'Chichewa, "popeza ndinu eni nyumba, mutithandize."

Lawrence anatembenuza mutu wake waukulu kwa Cornelio n'kufunsa kuti mayiwa akuti chiyani. Cornelio anamunong'oneza kuti kwawo munthu salankhula ndi apongozi mwachindunji, pamafunika wapakati, ndiye angokhala pakatipo n'kumagwedeza mutu. Lawrence anati naye anakhalapo ndi apongozi, ndipo akanadziwa njira imeneyi mwina ukwati wake ukanalimba. Anakoka bowa wina n'kukhala pakati pawo, ziboda zili pamawondo.

"A Nkhosa, muwafunse bambo a Linda kuti penti yawoyi ndi yamtundu wanji yosauma masabata awiri."

Nkhosa inatembenukira kwa Cornelio n'kugwedeza mutu.

"A Nkhosa," anatero Cornelio akuyang'ana dzuwa lojambula lija, "muwauze mayi kuti kuno kumazizira. Penti imachedwa."

Nkhosa inatembenukira kwa Mayi Ursula n'kugwedeza mutu. Iwo anatsitsa Linda n'kumukhazika pa kapeti.

"Muwauze kuti chithunzi chija ndinachikulitsa ku Mponela. Anthu a m'mbali anawadula bwino, koma anaiwala zenera. M'galasi la zeneralo muli anthu makumi anayi ndi atatu ataima pamzere, ndinawawerenga nditavala magalasi. Poyamba ndinkayesa maliro." Anapumira. "Muwauzenso kuti ine ndabereketsa ana osawerengeka, ndipo mawondo a mwana ndimawadziwa. Awa ndi osalala ngati a khanda, sanakwawepo pansi. Bulangete lake limanunkha anyezi, kusonyeza kuti pophikira ndi pogona ndi pamodzi. Masabata awiri ndaonetsedwa matchalitchi khumi ndi njovu yozizidwa. Muwafunse ngati akuganiza kuti ku Dowa kumachokera zitsiru."

Lawrence sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo kwa Cornelio zinaoneka ngati nkhosayo ikugwirizana nazo zonse.

Manyazi anamugwira Cornelio kuyambira kumapazi. Koma zodabwitsa, kuulula kwa nkhosa kunali kosavuta kusiyana ndi kuulula kwa munthu. Anaiuza zonse. Anaiuza za chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mafoni, za bedi logunda makoma, za masutikesi anayi, za njinga. Anaiuza za Loweruka lililonse la pamzere, ndi momwe eni nyumba amayang'anira ngolo ya mwana n'kunena kuti adzaimba foni. Anaiuza kuti masana amaphunzitsa azungu kamangidwe ka mizinda, pamene mwana wake alibe poponda.

"Muwauze mayi kuti ndinalakwa," anatero. "Ndinkaopa. Ndikamabwera madzulo mwanayu amandimva ndili pa masitepe, amayamba kumenya khoma. Chimenecho ndicho ndili nacho kuno. Muwapemphe asanditengere."

Nkhosa siinatembenuke ulendo uno. Inali itaweramitsa mutu kuyang'ana mwendo wake, chifukwa Linda anali atadzikhwekhwereza pa kapeti mpaka kufika pamenepo, n'kugwira ubweya ndi manja onse awiri, n'kudzikoka mpaka kuima. Anaima choncho akugwedezeka, akuyang'ana bwalo lobiriwira lonselo lopanda bedi, lopanda sutikesi. Kenako anasiya ubweya uja. Anaponya phazi limodzi, n'kuponya linalo, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Anayenda mapazi asanu kulunjika ku buledi wamatabwa, n'kugwa chokhala, n'kuseka.

Cornelio anali atacheuka osadziwa. Maso ake anakumana ndi a apongozi ake kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, ndipo onse awiri anabweza nkhope msangamsanga ngati agwira mbaula. Mkati mwa mutu wa Fergal munamveka kufwenthera.

Chimwemwe cha Cornelio sichinakhalitse. Anabwerera ku khoma lake n'kumvetsa chimene waona. Mwanayo analibe vuto lililonse. Miyezi yonseyi ankangodikira pansi poti apondepo, ndipo anapapeza m'nyumba ya nkhosa, pasanathe ola limodzi. Mlandu wake unali utadzigamula wokha, ndipo mboni inali mwana wake yemwe.

"A Nkhosa," anatero patapita nthawi, "muwauze mayi kuti ndaona. Ku Dowa bwalo lilipo lalikulu." Kenako anawonjezera: "Ngati akumutenga, muwauze kuti tinsapato take tili m'sutikesi yapansi penipeni. Ndinagula ali ndi miyezi khumi. Mwina tikumukwanabe."

Mayi Ursula anayang'ana mdzukulu wawo akulimbana ndi mwendo wa tebulo kuti aimenso. Anayang'ananso msana wa mkamwini wawo, jekete labuluu litanyowa, litamatirira.

"A Nkhosa, muwauze kuti mawa sindikwera ndege."

Cornelio anadzutsa mutu.

"Chidindo cha m'pasipoti mwanga chikundilola miyezi itatu, ndinafunsa kwa Bambo Isaac. Holo ya parishi imakhala yopanda anthu m'mawa, mwanayu ndizipita naye kumeneko tsiku lililonse aziyenda mpaka atope. Iwo ndi mkazi wawo azikaima pamizere yawoyo manja ali opanda kanthu, m'mawa ndi madzulo. Ikafika Khirisimasi nyumba isanapezeke, tidzakhalanso pansi, ndipo inu a Nkhosa mudzakhalepo."

Cornelio anawomba m'manja molunjika kukhoma, misozi ikutsika, akuthokoza nkhosa, akuthokoza mayi kudzera mwa nkhosa. Anali asanamalize pamene apongozi anapitiriza.

"Muwauzenso kuti chipinda cha kwa masisitere chikufunika mawa, kukubwera mlendo wina. Ndiye ine ndikukalowa kwa mwana wanga, pa bedi logunda makomalo. Njingayo ndithana nayo ndekha. Koma mwambo akuudziwa, mkamwini sagona m'mene mwagona apongozi. Pogona pawo adzionere. Paja ndi ophunzira za nyumba."

Nkhosa inagwedeza mutu. Kenako inafunsa Cornelio m'Chingerezi kuti nkhani yatha bwanji, chifukwa khosi layamba kuwawa. Cornelio anaifotokozera mwachidule kuti banja lake latsala mu Ireland, koma iye watuluka m'chipinda.

Lawrence anakanda chibwano cha Fergal. Anati chipinda cha kamwana ka nkhosa chilibe munthu. Malamulo ake ndi atatu: kutuluka chipata chisanatsegulidwe, osasiya sokosi paliponse pamene ana angaione, ndipo Loweruka masana, akabwera kuchokera kumizere yakeyo, azivala chikopa cha mkazi wa Fergal, chifukwa mtsikana amene ankachivala anatopa ndi kusowa nyumba n'kusamukira ku Australia. Anamuyeza Cornelio ndi maso apulasitiki aja n'kunena kuti msinkhu ndi womwewo, chipewa cha maluwa chimukhala bwino.

Pofika chakumadzulo mphepo inali itayamba kufooka. Gudumu lalikulu linaima, ndipo Lawrence anati apita kukatenga thirakitala ya paki kuti akoke mtengo uja. Asanatuluke anamuuza Cornelio kuti akwere akaone chipinda chake.

Cornelio anakwera. Anadutsa pakhomo pamene Perpetua anali chigonere, kukamwa kuli yasa, nkhope yake itasalala momwe anali asanaionere chibadwire Linda. Chipinda cha kamwana ka nkhosa chinali chachikasu, chokhala ndi nyenyezi kudenga. Anavula nsapato popanda kupempha aliyense kuti akwere pabedi, n'kugona chagada kuti ayese. Bedilo linathera m'mawondo, miyendo yotsalayo inalendewera m'malere. Anaganiza zoti miyezi iwiri ndi theka adzagona pano yekha, ndipo madzulo kulibe amene adzamenye khoma pomumva akukwera masitepe. Mtima unamupweteka kwambiri, ndipo sanadzibise.

Ali chigonere anamva kaphokoso kuchokera pansi, kopepuka, kosalongosoka. Di, di, di. Kanaleka, n'kuyambanso. Di, di, di, di. Kenako anamva mawu a apongozi ake, okwera pang'ono kuposa masiku onse, akulankhula m'balaza momwe nkhosa inali itatulukamo kale.

"A Nkhosa, muwauze bambo a Linda atsike msanga. Mwana wawo wafika pa masitepe, akuwafuna."